Choziziritsira wort: kachigwiritsidwe ndi katsukidwe kake

Mowa wa chimera cha balere ndi hops (maluwa opatsa mowa kuwawa ndi fungo) umawonongeka kawirikawiri pa nthawi imene wofulula akuona ngati ntchito yatha. Madzi otsekemera aja ochokera ku chimera, omwe ofulula amawatcha wort, awira kwa ola lathunthu kapena mphindi 90, hops walowamo, moto wazimitsidwa. Mumphika muli malita 20 otentha pafupifupi madigiri 100, pomwe yisiti ya mowa wa ale imafuna madigiri 18 mpaka 20, ndipo ya lager imafuna 8 mpaka 12. Mukaithira wort adakali wotentha, imafa. Mukati mudikire azizire yekha, mphika waukulu chotere ukhoza kuchezera usiku wonse osafika pomwe mukufuna.

Ofulula masese sada nkhawa ndi kudikira kotere, chifukwa mabakiteriya owawasitsa ndi amene amapatsa mowawo kukoma kwake, ndiponso umamwedwa m'masiku ochepa. Mowa wa m'botolo ndi wina. Umakhala milungu kapena miyezi, choncho kachilombo kalikonse kamene kalowa pa tsiku lofulula kamakhala ndi nthawi yochulukana. Wort akatsika pansi pa madigiri 60, chitetezo cha moto chatha, ndipo ali ndi shuga wambiri wopanda yisiti yomulondera. Akakhalitsa pamwamba pa madigiri 80, palinso mavuto awiri. Hops amapitiriza kutulutsa kuwawa kwinaku fungo lake labwino likuuluka. Komanso chimera choyera, makamaka cha pilsner, chimapitiriza kutulutsa DMS, amene pa nthawi yowira amathawa ndi nthunzi koma moto ukazima amatsalira momwemo. Ndiye uja amapatsa mowa fungo la chimanga chophika kapena kabichi. Kuziziritsa msanga kumachititsanso mapuloteni kugwirana n'kukhala timibulu tomira pansi, ndipo mowa umatuluka woyera bwino.

Zida zochitira ntchitoyi zilipo za mitundu itatu. Choyamba ndi koyilo yomiza: paipi ya mkuwa kapena ya chitsulo chosachita dzimbiri yopindidwa mozungulira, imene mumaimiza mu wort madzi ozizira n'kumadutsa mkati mwake. Chachiwiri ndi counterflow, paipi yaing'ono mkati mwa paipi yaikulu, wort akuyenda mkati kulowera uku, madzi akuyenda kunja kwake kulowera uko. Chachitatu ndi cha mapuleti, kabokosi ka zitsulo zopyapyala 20, 30 kapena 40 zowotchereredwa pamodzi, wort ndi madzi zikudutsa m'mipata yoyandikana. Otsatsa malonda amaziyerekeza potengera liwiro. Kusiyana kumene kudzakuvutitseni kapena kukupepukitsirani ntchito ndi kwina: pa koyilo yomiza, mbali yokhudza wort ili kunja, mumaiona ndi maso, pa ziwiri zinazo ili mkati, simudzaionapo. Kwa munthu wofulula malita 20 mpaka 25, koyilo yomiza ndiyo yanzeru.

Koyilo yogula kapena yodzipangira nthawi zambiri imakhala ya paipi ya 3/8 inchi kapena 1/2 inchi. Ya mamita 7.5 imagwira ntchito koma mochedwa. Ya mamita 15 ndiyo yoyenera malita 20, makamaka kumene madzi a pampopi ndi ofunda. Mkuwa umadutsitsa kutentha bwino kuposa chitsulo chosachita dzimbiri ndipo umapindika mosavuta, koma chitsulocho chimapirira mankhwala otsukira ndipo sichibiriwira. Ngati mukudzipangira, paipi yofewa ya mkuwa imene amagulitsa okonza mafiriji ndi yabwino, koma ikhale yatsopano. Yochotsa pa firiji yakale imakhala ndi mafuta a kompulesa, isayandikire chakumwa. Yatsopanonso ikhoza kubwera ndi mafuta a kufakitale, choncho itsukeni ndi sopo wa mbale, kenako ndi viniga wosungunula, musanaigwiritse ntchito. Poipinda, ikulungeni pang'onopang'ono pa ndowa yocheperako kuposa mphika wanu, ndipo nsonga zonse ziwiri zikwere pamwamba, zidutse mkombero wa mphika, kenako ziwerame kuloza pansi kunja kwake. Kuwerama kumeneku si kukongoletsa ayi. Polumikizira mapaipi a madzi pakadontha, madontho amagwera pansi m'malo motsetserekera mu wort.

Tsiku lofulula, yesani koyilo moto usanayatsidwe. Lumikizani mapaipi, mangani zomangira zake ndi sikuludilaiva, tsegulani mpopi, muone ngati pali podontha. Kenako khuthulani madzi onse a mkati. Madzi otsalira m'koyilo amawira ikalowa mu wort wotentha, ndipo amatumphuka pa nsonga ngati nthunzi ndi madontho owotcha. Amene waima kutsogolo kwake amapsa. Kutatsala mphindi 15 kuti kuwira kuthe, imizeni mumphika. Kuwirako kumaima pang'ono chifukwa chitsulo n'chozizira, kenako kumayambiranso. Mphindi zimenezi n'zokwanira kupha tizilombo ta pa koyilo, ngakhale kumalo okwera ngati Lilongwe kapena Johannesburg kumene madzi amawira asanafike madigiri 100. Mapaipi a pulasitiki akhale kutali ndi lawi, chifukwa kutentha kokwera m'mbali mwa mphika kumawasungunula musanazindikire.

Mukazimitsa moto, tsegulani madzi onse. Malita oyamba amatuluka otentha kwambiri moti akhoza kuwotcha khungu, ndipo paipi yotulutsira ikakhala ya pulasitiki wamba imafewa n'kuvuka pa nsonga. Ikhale yopirira kutentha, yomangidwa zolimba, ndipo kumapeto kwake kukhale kopanikizidwa mundowa kuti isakupize. Madzi otenthawa musataye: ndowa yoyamba ndi yachiwiri ndizo mudzatsukire mphika ndi koyilo yomweyo.

Chinthu chimene chimafulumizitsa ntchito kuposa kutalika kwa paipi ndi kutakasa. Aliyense amene anaziziritsapo phala la mwana akudziwa kuti losatakasa limazizira pamwamba pokha. Wort wokhudzana ndi koyilo amazizira msanga n'kukhala pomwepo ngati chotchinga, wotentha uja osafika pa chitsulo. Gwirani paipi yotulutsira madzi: ikazizira pomwe choyezera kutentha chikusonyeza madigiri 60 mumphika, ndiye kuti madzi akungodutsa chabe. Gwedezani koyilo m'mwamba ndi pansi, kapena takasani ndi sipuni yaitali imene inawira nawo mumphika, ndipo mudzamva paipiyo ikutenthanso nthawi yomweyo. Takasani mozungulira, osathovutsa pamene wort adakali wotentha. Pa chivundikiro chitani motere: chikhale chotsegula mpaka nthunzi yambiri itatha, kuti DMS apite, kenako vundikirani mbali imene mungathe, chifukwa fumbi ndi ntchentche zazing'ono za zipatso zimanyamula yisiti yakutchire ndi mabakiteriya a viniga.

Masamu ake ndi osavuta ndipo amathandiza kukonzekera. Kutsitsa malita 20 kuchoka pa madigiri 100 kufika pa 20 kumafuna kuchotsa kutentha kokwana pafupifupi 6,700 kJ (kilojoule, muyeso wa mphamvu ya kutentha). Madzi akamatuluka atakwera ndi madigiri 15 pa avareji, mufunika malita opitirira 100. Poyamba kutentha kumatsika mothamanga, kuchoka pa 100 kufika pa 50 m'mphindi zochepa, kenako kumayamba kukwawa, chifukwa kusiyana kwa wort ndi madzi kwachepa. Apa chepetsani mpopi. Kuthamangitsa madzi sikuthandizanso kwenikweni, kumangowataya. Ndipo pali malire amene chida chilichonse sichingadutse: wort sangazizire kuposa madzi amene akumuziziritsa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, madzi a m'thanki yokhala padzuwa akhoza kukhala pa madigiri 27 kapena kuposa. Ndi madzi otere simudzafika pa 20 ngakhale mutayendetsa mpopi mpaka kucha.

Yankho ndi ayezi, koma pa nthawi yake. Kuyamba ndi ayezi wort ali pa madigiri 100 kumadya makilogalamu oposa 15. Tsitsani kaye ndi madzi a pampopi mpaka madigiri 35 kapena 40. Kenako chotsani paipi ku mpopi, muilumikize ku kapampu komiza m'madzi, monga ka m'thanki ya nsomba, kamene kali mundowa ya madzi ndi ayezi, ndipo paipi yotulutsira ibwerere mundowa momwemo. Kilogalamu imodzi ya ayezi imameza 334 kJ posungunuka, ndiye kuchoka pa 35 kufika pa 19 kumafuna makilogalamu anayi pa pepala. Konzani sikisi mpaka eyiti, chifukwa wina amasungunuka ndi mpweya wotentha. Ayezi woswa amagwira ntchito msanga kuposa mabotolo a madzi oundana, amene pulasitiki yake imatchinga kuzizira. Ena amaika koyilo yachiwiri mundowa ya ayezi kuti madzi a pampopi azidutsamo kaye; imathandiza, koma imafuna kutakasa ndowayo nthawi zonse ndipo sifika pa kapampu. Ayezi akasowa, njira ina ndi kusankha yisiti yogwirizana ndi nyengo: kveik ya ku Norway imagwira bwino ntchito pa madigiri 30 mpaka 40, ndipo madzi a pampopi okha amakufikitsani pamenepo.

Counterflow ndi cha mapuleti zimagwira mosiyana. Wort amazizira akudutsa kamodzi, kuchoka mumphika kulunjika m'chigubu chomwe mowa ukapsere. Mbali ya mkati imaphedwa tizilombo poyendetsamo wort wowira ndi pampu kwa mphindi 10 mpaka 15 zomaliza, akubwerera mumphika, madzi ozizira asanatsegulidwe. Mapaipi a mbali imeneyi akhale a silikoni wa zakudya. Paipi ya kudimba ndi ya mbali ya madzi basi. Onetsetsani kuti madzi akulowera kumene wort akutulukira. Mukazilumikiza kuti ziyende mbali imodzi, chida chimagwirabe koma wort amatuluka wofunda, ndipo ambiri amaimba mlandu chida pomwe vuto ndi kalumikizidwe. Kutentha kwa wort wotuluka mumakuwongolera ndi liwiro lake: ikani choyezera pa potulukira, tsegulani madzi onse, kenako chepetsani wort mpaka nambala ifike pomwe mukufuna. Valavu yochepetsera ikhale kutsogolo kwa pampu, kumene wort akutuluka. Mukatsamwitsa mbali yolowera, wort wotentha amachita thovu la nthunzi mkati mwa pampu ndipo imasiya kukoka.

Pali zinthu ziwiri zimene otsatsa satchula. Pamene malita oyamba akuzizira, otsala mumphika adakali pafupi ndi kuwira, choncho hops wa kumapeto amapitiriza kuwawitsa. Pa mowa wodalira fungo la hops, bwezerani wort wozizira mumphika kaye mpaka wonse utsike pansi pa madigiri 80. Chachiwiri, mipata ya m'mapuleti ndi yopapatiza kwambiri, ndipo hops wa timibulu akasungunuka amaitseka. Popanda kathumba ka hops kapena sefa pa potulukira mphika, chidzatsekeka pakati pa ntchito, mphika udakali theka.

Tsopano kutsuka, kumene kuli nkhani yeniyeni. Kutsuka ndi kupha tizilombo ndi ntchito ziwiri, ndipo yachiwiri sitheka yoyamba isanachitike. Mankhwala ophera tizilombo, ngakhale wort wowira, safika bwino pansi pa chikhakha cha mapuloteni ndi hops chimene chauma pa chitsulo. Chida chimatsukidwa tsiku lofulula mukangomaliza, ndipo chimaphedwa tizilombo tsiku lofulula lotsatira.

Koyilo yomiza, mukangoitulutsa, itsukuluzeni ndi madzi otentha aja munasunga, zomata zisanaume. Pakati pa mizere yogundana ndi pomwe waya womangira wadutsa ndi pamene hops amabisala; kabulashi kofewa kapena siponji zimakwanira. Steel wool ayi: imakanda mkuwa, ndipo pa chitsulo chosachita dzimbiri imasiya tizidutswa timene timayambitsa dzimbiri. Mkuwa ukada n'kukhala wofiirira mosawala, usiyeni. Khungu limenelo ndi lokhazikika ndipo limateteza chitsulo, kotero palibe chifukwa choupukutira mpaka kunyezimira nthawi iliyonse. Choopsa ndi mawanga obiriwira kapena abuluu, amene amabwera mkuwa ukasungidwa wonyowa kapena wosatsukuluza bwino. Amenewo ndi poizoni, ndipo wort, pokhala ndi asidi pang'ono pa pH (muyeso wa asidi) ya pafupifupi 5.2, amawasungunula mosavuta. Mukaona koyilo yalowa mumphika ili ndi mawanga n'kutuluka ikuwala, dziwani kuti zonsezo zatsala m'mowa. Achotseni musanafulule: viniga woyera kapu imodzi kapena ziwiri mundowa ya madzi ofunda, kapena citric acid masipuni ochepa, nyikani mphindi 15 mpaka 20, pukutani, tsukuluzani ndi madzi ambiri, umitsani. Kutsukuluzako n'kofunika kwambiri, chifukwa viniga wotsalira pa mkuwa ndi amene amabalanso kubiriwira komweko.

Mkuwa wochepa kwambiri umene umalowa mu wort kuchokera pa koyilo yoyera si vuto. Yisiti imautenga, ndipo umathandiza kuchotsa fungo la mazira owola. Koma mowa ukapsa, asidi wake amachuluka ndipo yisiti yoti itenge mkuwawo yatha ntchito, choncho chida cha mkuwa chisakhudze mowa wakupsa.

Jik ndi mankhwala ena a klorini asafike pa choziziritsira cha mtundu uliwonse. Amadetsa mkuwa ndi khungu lakuda limene limasungunukira mu wort, ndipo pa chitsulo chosachita dzimbiri amaboola timaenje tosaoneka bwino timene pambuyo pake timadontha. Klorini wotsalira amapatsanso mowa fungo la mankhwala a kuchipatala. Ndipo akakumana ndi viniga kapena asidi wina aliyense amatulutsa mpweya wa klorini, umene umawononga mapapo.

Za mkati mosaoneka zimafuna mwambo wokhwima. Wort womaliza akangodutsa, lumikizani madzi ku mbali ya wort mobwerera, kulowera kumene amatulukira, muwathamangitse mwamphamvu mpaka atuluke oyera. Tembenuzani, muyendetse mbali inayo, kenako mubwererenso. Pa cha mapuleti mudzadabwa kuti tizidutswa ta hops timatulukabe pa ulendo wachitatu ndi wachinayi. Kutsegula ndi kutseka mpopi modzidzimutsa kumathandiza kutisuntha. Madzi okha sachotsa mapuloteni ndi utomoni wa hops, choncho pamafunika sopo wa alkali. Wodziwika kwa ofulula ndi PBW wa kampani ya Five Star, amene maziko ake ndi sodium percarbonate ndi sodium metasilicate. Sungunulani magalamu 5 mpaka 10 pa lita imodzi ya madzi a madigiri 50 mpaka 70, muyendetse ndi pampu kwa mphindi 20 mpaka 30, theka la nthawi mbali iyi, theka mbali inayo. Ufa wochapira wa percarbonate wopanda perefyumu ukhoza kulowa m'malo mwake. Opanda pampu atseke doko limodzi (khomo lolumikizirapo paipi), adzaze, asiye kwa theka la ola akugwedeza nthawi ndi nthawi, akhuthule, abwereze. Madzi akatuluka achikasu kapena abulauni, bwerezani ndi atsopano mpaka asinthe. Kenako tsukuluzani ndi madzi otentha mpaka asamaterere m'zala.

Kositiki soda amatsuka mwamphamvu ndipo ndi amene mafakitale a mowa amadalira, koma pakhomo ngofunika kusamala naye. Magalamu 10 mpaka 20 pa lita ndi okwanira, ndi magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ndipo ufawo ndi umene umathiridwa m'madzi, osati madzi pa ufa. Amadya aluminiyamu, choncho asakhudze mphika wa aluminiyamu. Zoziziritsira zambiri za mapuleti, ngakhale zimaoneka zachitsulo chokhachokha, mapuleti ake amalumikizidwa ndi mkuwa, ndiye kositiki kapena asidi wamphamvu asagonemo. Pakapita mafululidwe angapo, yendetsani asidi wofatsa, monga citric acid, kuti achotse chikhakha chotuwa cha calcium oxalate chimene alkali sachotsa. Mbali ya madzi nayo imafuna asidi yemweyo ngati mumagwiritsa ntchito madzi a pamjigo okhala ndi laimu wambiri. Laimuyo amamatirira mkati, ndipo chizindikiro chake ndi chida chimene chikuchedwa chaka ndi chaka popanda chifukwa chooneka.

Star San, wa asidi wa phosphoric, amasungunulidwa mamililita 1.5 pa lita ndipo amafuna mphindi imodzi kapena ziwiri zokha. Ndi wophera tizilombo, si sopo. Kusiya chida cha mkuwa chitadzazidwa naye mpaka tsiku lofulula lotsatira ndi kulakwitsa kofala: madziwo amatuluka abuluu, kusonyeza kuti adya chitsulo.

Cha mapuleti chimene chagona chosatsuka, kapena chogula kwa wina, chiyeseni ndi mphuno pa doko la wort. Fungo lowawasa kapena la nguwi likutanthauza kuti mkati muli zamoyo. Chitsukeni ndi alkali kangapo, chotsani zonse za labala ndi pulasitiki, khuthulani madzi, muchiike mu uvuni wa madigiri pafupifupi 180 kwa ola limodzi madoko ali otsegula. Chisiyeni chizizire chokha, osachithira madzi, kenako muthamangitsemo madzi kuti zopsererazo zituluke. Yesaninso ngati chikudontha mkati: tsegulani mbali ya madzi, madoko a wort ali ouma ndi otsegula, mudikire mphindi zingapo. Dontho likatuluka kumeneko, madzi osawiritsa akhala akulowa mu wort wanu, ndipo chida chotere sichikonzeka, n'chotaya. Chizindikiro china cha vuto lomweli ndi wort wochuluka m'chigubu kuposa amene anachoka mumphika, shuga wake pa hydrometer (choyezera shuga) atatsika.

Posunga, madzi onse atuluke. Cha mapuleti chigwedezeni mbali zonse, chiimikeni madoko ataloza pansi kwa masiku angapo, ndipo musachitseke ndi zivundikiro chisanaume. Nsalu yoyera yokuta madoko imaletsa mphemvu ndi mavu omanga ndi dothi popanda kutsekera chinyezi. Counterflow ipemerereni mpweya ndi pampu ya njinga kapena kompulesa yopanda mafuta. Koyilo yomiza itembenuzeni mozungulira mpaka madzi a mumzere uliwonse atuluke, muipachike pouma. Amene ali kumaiko ozizira ngati Britain asaisiye mu galaja ili ndi madzi m'nyengo yachisanu, chifukwa madzi akaundana amafufuma n'kung'amba paipi kapena kulekanitsa mapuleti, ndipo mng'alu wake umaonekera tsiku lofulula, chida chili kale mu wort.